Chisomo ndi chaulere

Mukamva mlaliki wa CCAP ku Nsaru akunena za chisomo, ndipo Mkatolika wa ku Nambuma kapena ku Namitete akupemphera za chaulere, dziwani kuti onsewo akunena chinthu chimodzi: chifundo chimene Mulungu amachitira munthu wosachiyenera. Pa Aefeso 2:8, Paulo akuti anthu amapulumuka ndi chimenechi, kudzera m'chikhulupiriro.

Mawu oti chisomo anafala ndi Buku Lopatulika la 1922, limene William Murray wa mishoni ya Nkhoma anatsogolera kumasulira. Komatu kumudzi mawuwa anali ndi tanthauzo lawo kale. Munthu wachisomo ndi uja amakondedwa paliponse, mwayi umangomutsata. Apa pali kamsampha, chifukwa womvera angaganize kuti chisomo ndi mwayi wobadwa nawo, pamene Paulo akunena za mphatso yochokera kwa Mulungu.

Chaulere chimamveketsa bwino zoti sulipira kanthu, ngakhale kuti ena amachipeputsa ngati zinthu zongotola. N'chifukwa chake Buku Loyera la 1998, lomasuliridwa ndi Akatolika ndi Apulotesitanti pamodzi, m'malo ambiri linasankha kunena za kukoma mtima kwa Mulungu.