Madzi nawo ali ndi zaka

Msodzi wa ku Sanga akamakoka chilimira usiku, nyali zikuwala pabwato, amangokanda pamwamba penipeni pa nyanja. Cha kumpoto, kufupi ndi Usisya, nyanja ya Malawi imazama mamita pafupifupi 700, ndipo ukapitirira mamita 200 kapena 250, madzi alibe okosijeni. Nsomba sizikhalako. Mphutsi za nkhungu, ntchentche zija zimafuka ngati utsi pakati pa nyanja, ndizo zimatsikira kumalire a madzi amenewo masana pothawa adani, n'kukweranso kukada.

Akatswiri amagawa nyanjayi patatu. Madzi ofunda a pamwamba, mpaka mamita 100 kapena kuposerapo pang'ono, amawatcha epilimnion, ndipo ndi amene mwera umawavundula chaka ndi chaka. Apakati ndi metalimnion. Ozizira a pansi, kuyambira cha pa mamita 220, ndi hypolimnion. Kutentha kwa magawowa kumasiyana ndi madigiri ochepa chabe, koma madzi ofunda ndi opepuka, choncho amayandama pa ozizira osafuna kusakanikirana nawo. M'nyanja zamchere, madzi oyenda pamodzi chonchi, okhala ndi kutentha kwawo ndi mchere wawowawo, amatchedwa water mass.

Tsono akatswiriwa akati madzi awa ndi akale, satanthauza tsiku limene madziwo anakhalako. Amawerenga kuyambira pamene madziwo anakhudzana komaliza ndi mpweya wa kunja. Apa ndi pogona nkhani yonse. Kaboni-14 amapangika m'mlengalenga, n'kulowa m'madzi a pamwamba limodzi ndi mpweya wa carbon dioxide. Madzi akamira salandiranso wina, ndipo amene ananyamulayo amatha pang'onopang'ono: pa zaka 5,730 amatsala theka. Nthawi yotsala theka imeneyi ndiyo half-life. Njira yoyezera zaka ndi kaboni ameneyu anaiyambitsa ndi Willard Libby, amene analandira mphotho ya Nobel mu 1960. Akatswiri atayeza motero madzi a pansi kumpoto kwa nyanja ya Pacific, anapeza kuti patha zaka pafupifupi 2,000 chionereni dzuwa. Ngakhale chigoba cha nkhono ya m'nyanja yamchere yogwidwa mabomba a nyukiliya asanayambe kuyesedwa chinkaoneka ngati cha zaka pafupifupi 400, chifukwa madzi akale amakwera n'kusakanikirana ndi a pamwamba. Zaka zongobwereka zimenezi amazitcha reservoir age, ndipo wosazichotsera powerengera amasokera.

Mabombawo ankayesedwa mumlengalenga makamaka m'zaka za m'ma 1950 mpaka 1963. Anachulukitsa kaboni-14 pafupifupi kuwirikiza kawiri mumpweya wa kumpoto kwa dziko lapansi. Chinali choipa, koma chinasiya chizindikiro chotsatika m'madzi, chimene akatswiri amachitcha tracer. Makorali ndiwo anasunga umboni. Tinyama timeneti timamanga mwala wa laimu ndi kaboni wa m'madzi amene akudutsa pamenepo, mzere pamwamba pa mzere. Wofufuza amaboola mwalawo, kuucheka chopyapyala, kuuunika ndi X-ray, ndipo mizere yowala ndi yoderapo imaonekera, chaka chilichonse ndi wake. Akapala ufa pang'ono pa mzere umodzi, amadziwa ngati chaka chimenecho panadutsa madzi a pamwamba odzala kaboni wa mabomba, kapena akale otumphuka pansi. Korali wa ku Watamu, ku Kenya, anathandiza motero kuunika kayendedwe ka madzi m'nyanja ya Indian.

Kwathu kuno kulibe makorali, komanso madzi athu a pansi ndi ana ndithu pamaso pa kaboni-14. Wotchi ya zaka zikwizikwi singayeze zaka makumi awiri. N'chifukwa chake m'zaka za m'ma 1970 Roberto Gonfiantini ndi anzake anagwiritsa ntchito tritium, naye wochokera ku mabomba, amene amatsala theka pa zaka 12.3. Pambuyo pake Martin Vollmer, Ray Weiss ndi Harvey Bootsma anayeza mpweya wa CFC, uja unkaikidwa m'mafiriji mgwirizano wa ku Montreal wa 1987 usanauletse. Zimene anafalitsa mu 2002 zinaonetsa kuti madzi a pamwamba ndi apakati amasinthana pa zaka pafupifupi zinayi, pamene apakati ndi a pansi amatenga zaka zoyandikira 20.

Manambala amenewa amandikhudza chifukwa cha usipa. Chilichonse chofa m'nyanja chimamira, n'kukawolera pansi, ndipo chonde cha nyanja, monga fosiforasi, chimaunjikana kumeneko. Mwera ukawomba kuyambira Meyi mpaka Seputembala, umakankhira madzi ofunda kumpoto kuno, ndipo kum'mwera kumatumphuka ozizira achonde. Kutumphuka kumeneku ndiko upwelling. Ndere zimamera, tizilombo timadya ndere, usipa umadya tizilombo. Usipa ukachepa pathandala timathamangira kuloza chala maukonde ndi kuchuluka kwa mabwato, ndipo pali zoona pamenepo, koma ine ndikuti funso la kuchuluka kwa chonde chimene chakwera chaka chimenecho n'lofunika chimodzimodzi. Vollmer yemweyo ndi anzake analemba mu 2005 kuti pa zaka pafupifupi 60 madzi a pansi anafunda ndi madigiri pafupifupi 0.7, makamaka chifukwa m'miyezi yozizira madzi ozizira okwanira sakumiranso monga kale.