Chipukutamisozi kwa Ogwira Ntchito Zomangamanga Amene Aduka Chiwalo

Unduna wa Zantchito ukukumbutsa anthu a m'maboma a Machinga ndi Balaka kuti munthu amene waduka chala, dzanja kapena mwendo ndi makina osakanizira simenti, ophwanyira miyala kapena owumbira mabuloko, ali pa ntchito, ayenera kulandira chipukutamisozi. Izi zili m'lamulo la chipukutamisozi cha ogwira ntchito la chaka cha 2000.

Wolemba ntchito ali ndi udindo wodziwitsa ofesi ya zantchito ya m'bomalo za ngoziyo, komanso wolipira chithandizo cha kuchipatala, mayendedwe ndi chiwalo chochita kupanga. Dokotala ndiye amayeza kukula kwa chilema. Amene walumala kotero kuti sangagwirenso ntchito amalandira malipiro a miyezi 54. Amene wataya chiwalo koma akhozabe kugwira ntchito amalandira gawo la ndalamazo molingana ndi zimene dokotala wapeza.

Wovulala asunge buku la kuchipatala cha boma ku Liwonde kapena ku Balaka, umboni wa malipiro ake ndi mayina a mboni. Asavomere kukambirana kumbali: wolemba ntchito akazengereza, mwiniwake kapena m'bale wake akadandaule msanga ku ofesi ya zantchito.