Mlandu wa Woimba ndi Galimoto Zozimira Moto

M'dziko la Mfumu Malama, m'cigwa ca Luangwa, monganso m'midzi yambiri ya kum'mawa kwa Zambia, mkazi wokhala ndi dandaulo sanali kusowa polinenera. Anali kupita nalo pamtondo. Kumeneko, alikusinja mapira kapena cimanga, anali kuika m'nyimbo ulesi wa mwamuna wace, kuuma manja kwa apongozi, ngakhale kukondera kwa nyakwawa, ndipo mudzi wonse unali kumva. Wonenedwayo anali kungomeza malovu, pakuti mwambo sunalole kumzenga munthu mlandu cifukwa ca nyimbo ya pamtondo. Tsono mwana wa Akunda wokulira pa mwambo wotere, akamva kuti woimba wina wa ku migodi anagona m'citokosi nthawi zingapo, ayenera kufunsa kumene malamulo otere anacokera.

Lalikulu la malamulowo linapangidwa m'caka ca 1955, Citaganya ciri ndi zaka ziwiri zokha. Boma la Azungu la Northern Rhodesia, poona kucuruka kwa misonkhano ya Congress, linalamula kuti pasakhale msonkhano kapena ligubo pamseu popanda cikalata ca cilolezo. Dzina lace ndilo Public Order Ordinance. M'caka ca 1959 Kenneth Kaunda anapatsidwa ndende ya miyezi 9 pa mlandu wa msonkhano wosaloledwa. Munthu angaganize kuti ufulu utafika mu 1964, Kaunda akadayamba kuthyola ndodo imene inamkwapula. Koma iai, anaisunga bwino zaka zace zonse 27, ndipo amene anamlowa m'malo anaipeza ikali yolimba. Mu 1995 Kaunda yemweyo anazengedwa nayo mlandu, pamodzi ndi Mai Christine Mulundika ndi ena. Mu 1996 Bwalo Lalikulu linagamula kuti kupempha cilolezo kunali kutsutsana ndi ufulu wa anthu, ndipo Nyumba ya Malamulo inasintha mau: kuyambira pamenepo anthu anayenera kungodziwitsa apolisi kusanafike tsiku. Mau anasinthadi, koma apolisi ambiri anapitirira kuyesa cidziwitsoco ngati pempho limene angathe kulikana.

Woimba uja ndiye Fumba Chama, wodziwika ndi dzina lakuti Pilato. Mlandu wace woyamba waukulu unabwera mu June 1915 kuonjezapo zaka zana, ndiko kuti 2015, Edgar Lungu atangokhala miyezi isanu pa mpando wa Pulezidenti. Pilato anatenga maimbidwe a nyimbo yakale ya Nashil Pichen Kazembe, "A Phiri Anabwera," yonena za munthu wobwerera kwao kucokera kuulendo wa nchito ndi sutukesi yopanda kanthu, naika m'malo mwace munthu wina dzina lace Lungu, wa ku Chawama, amene sutukesi yace inadzala ndi mabotolo a kacasu wa cizungu wochedwa Jameson (dzina limene akulu a ku Chipata alikumbukira pa cifukwa cina). Apolisi anamgwira, nati wacita zinthu zimene zingasokoneze mtendere. Koma patapita mwezi umodzi Boma linaucotsa mlanduwo m'bwalo osaumariza. Nyimbo njoterera, kuti woweruza aitsutse, ayenera kuyamba wabvomereza kuti munthu wa m'nyimboyo ndi yemwe onse alikumganizira.

Pamseu ndi pena. Mu 2017 kunamveka kuti Boma lagula galimoto zozimira moto 42 pa mtengo wa madola 42 miliyoni, ndiko kuti miliyoni imodzi galimoto iriyonse. Anthu ambiri anaona kuti mtengowo ngwonyanya. Pa 29 September, tsiku limene Nduna ya Cuma inali kuwerenga za ndalama za caka cotsatira, kagulu ka anthu kanapita ku Nyumba ya Malamulo ku Lusaka katanyamula zikwangwani. Anthu asanu ndi mmodzi anagwidwa, mwa iwo Pilato, Mai Laura Miti, Lewis Mwape ndi Sean Tembo, ndipo mlandu wao unali wa kusamvera lamulo la apolisi lakuti abalalike. Sanaswe zenera, sanaponye mwala. Cimene cinawalakwitsa ndico kuima pamene anauzidwa kuti asaime.

Mlandu uli mkati, mu December caka comweco, Pilato anaturutsa nyimbo ina ya Cibemba, "Koswe Mumpoto," ndiko kuti khoswe mumphika. Sanachule dzina la munthu, koma anyamata a cipani colamula anadzimva okha, nayamba kumuopseza poyera. Mu January 2018 anathawira ku South Africa. Posaoneka m'bwalo pa tsiku lace, woweruza analamula kuti agwidwe, kotero pamene anabwerera mu May, apolisi anamcingamira pa bwalo la ndege la Kenneth Kaunda. Anagona m'ndende masiku owerengeka asanapatsidwe belo. Pa 21 December 2018 woweruza anapeza kuti onse asanu ndi mmodzi alibe mlandu wakuti ayankhe, nawamasula.

Apa mpamene pali nkhani. Anthu awa anapambana, koma anapambana atatha miyezi 15 alikupita ndi kubwera kubwalo, kusiya nchito zao, kufuna owaimira, ndi kugona tulo ta nkhawa. Mlandu wotere susowa kuti uthe ndi ndende, pakuti ulendo wace womwe ndiwo cilango. Ndipo anthu ena zikwi, amene analibe dzina lochuka lakuti liwachinjirize, anaona zonsezi nasankha kukhala m'nyumba.

Patapita caka cimodzi, mu December 2019, Pilato anagwidwanso ku Livingstone, kumene anasonkhana ndi acinyamata kukambirana za kayendetsedwe ka ndalama za dziko. Mlandu unali wa msonkhano wosaloledwa, ndipo nawonso unagwa mu 2020. Mu June caka cimeneco, apolisi atadzaza miseu ya Lusaka kuti aletse ligubo la acinyamata, iwo anangolowa m'thengo ndi zikwangwani zao, naonetsa zonse pa Facebook, apolisi alikulondera miseu yopanda anthu.

Pa masankho a August 2021 Lungu anagonja kwa Hakainde Hichilema, ndipo acinyamata ndiwo anacuruka pa mizere ya mavoti. Mu 2023 Fumba Chama anasankhidwa kukhala mlembi wamkulu woona za luso mu unduna wa acinyamata, masewera ndi luso. Ena anakondwera, ena anati mlomo wodzala nsima suimba. Tsiku limene analumbira pa udindowo, lamulo la 1955 linali likali m'mabuku a Boma limene anayamba kuligwirira nchito.