Ayezi

Kwa ambirife, ayezi ndi madzi oundana basi. Akatswiri a zakuthambo amalitambasula liwuli: mpweya uliwonse wozizira mpaka kuuma gwaa pa fumbi la pakati pa nyenyezi amautcha ayezi, ngakhale wa carbon dioxide.

Mu labotale ya ku Leiden, ku Netherlands, amapopera mpweya wa carbon dioxide pa kagalasi kozizira pafupifupi -263 °C, n'kuwalitsapo kuwala kwa infrared. Ayeziyo amameza kuwala kwa mamaikiromita 4.27 ndi 15.2. Chomwe chimandichititsa chidwi n'chakuti ayeziyo akasakanizidwa ndi madzi, kenako n'kufunda n'kupatukana ndi madziwo, mzere wa pa miyeso wosonyeza kuwala kwa 15.2 umagawika pawiri. Poyerekeza ndi miyeso yotereyi, asayansi anazindikira ayeziyu mu mtambo wa pakati pa nyenyezi wotchedwa Chamaeleon I mu 2023, pogwiritsa ntchito telesikopu ya James Webb.