Momwe malo ojambulira asinthira masewero a pa kanema m'Malawi

Sewero la pa wailesi ya kanema limatengera kwambiri malo amene lajambulidwira. Sewero la mu situdiyo limadalira zokambirana za ochita zisudzo, pomwe lojambulidwa kunja limapatsa mpata mudzi, msika kapena nyanja kuti nazo zifotokoze nkhani. Mbiri ya masewero m'dziko muno ikuonetsa bwino kusiyana kumeneku.

Dziko la Malawi linalibe wailesi ya kanema mu ulamuliro wonse wa Dr Hastings Kamuzu Banda. Kuchokera mu 1964 pamene wailesi ya MBC inakhazikitsidwa, anthu ankamvera masewero monga Kapalepale, Pamajiga ndi Sewero la Sabata Ino. Masewerowa ankajambulidwa m'chipinda chotsekedwa, ochita zisudzo ataimirira mozungulira maikolofoni. Popeza womvera sankaona kanthu, chilichonse chinkayenera kutchulidwa pakamwa: yemwe walowa, chimene wanyamula ndi komwe akupita.

Pamene Television Malawi inayamba kuulutsa mapologalamu mu 1999 kuchokera ku Kwacha mu mzinda wa Blantyre, ambiri mwa ochita masewero ake anali ozolowera wailesi ndi zisudzo za m'maholo. Iwo anabweretsa luso la kumeneko: kulankhula mokweza, zokambirana zazitali, nthabwala ndi miyambi. Situdiyo imagwirizana ndi luso lotere, chifukwa muli magetsi okhazikika, mulibe phokoso, ndipo makamera awiri kapena atatu amajambula nthawi imodzi. Vuto lake ndi lakuti nkhani imapanikizika m'chipinda chochezera kapena mu ofesi, ndipo zochitika kumunda kapena kunyanja zimangosimbidwa.

Kumanga nyumba zoyerekezera mu situdiyo kumafuna ndalama zambiri, choncho makamera ang'onoang'ono atafala, ojambula anayamba kubwereka nyumba zenizeni ndi kutuluka m'misewu, monga momwe ankachitira anzawo a ku Nigeria. Sewero la Tikuferanji, lomwe bungwe la ADRA linakonza pophunzitsa anthu za Edzi, ndi chitsanzo chodziwika. Michael Usi, yemwe ankasewera ngati Manganya ndipo anadzakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu 2024, ankaoneka m'malo ofanana ndi omwe oonera amakhala. Izi zinathandiza kuti uthenga usaoneke ngati wochokera kutali.

Opanga mafilimu anapita patsogolo ndi njirayi. Mu 2012 Shemu Joyah anatulutsa The Last Fishing Boat, nkhani ya msodzi wa m'mbali mwa nyanja ya Malawi yemwe moyo wake ukusokonekera kaamba ka kuchepa kwa nsomba ndi kubwera kwa alendo odzaona malo. Mufilimu yotere, bwato logona pamchenga lingathe kunena zambiri za umphawi wa mwini wake popanda wina kutsegula pakamwa. Nayo filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind ya mu 2019, yonena za William Kamkwamba, inajambulidwa kwawo kwenikweni m'boma la Kasungu.

Komabe kujambula kunja kuli ndi malamulo ake, ndipo gombe la Nkhotakota likuonetsa zimene wojambula ayenera kuganizira. Bomali lili kuzambwe kwa nyanja, kotero dzuwa limatulukira pamadzi. Wojambula m'mawa atalozetsa kamera kunyanja amapeza nkhope za anthu zitada ngati zithunzithunzi, pomwe madzulo kuwala kumachokera kumtunda ndipo nkhope zimaoneka bwino. M'miyezi yozizira mphepo ya mwera imaomba mwamphamvu, ndipo mkokomo wa mafunde umameza mawu. Pachifukwa ichi, zokambirana zazitali za mu situdiyo sizitheka pagombe: wolemba amakakamizika kufupikitsa mawu ndi kusiya manja, maso ndi ntchito kuti zilankhule.

Nthawi nayo siili m'manja mwa wotsogolera sewero. Asodzi a usipa amapita panyanja usiku ndi nyali ndipo amakocheza m'bandakucha, choncho wofuna kujambula malonda a padoko ayenera kutsata nthawi yawo, atapempha kaye chilolezo kwa mafumu ndi eni malo. Kutali ndi magetsi pamafunika jenereta, yomwe nayo imabweretsa phokoso lake.

Phindu la zovutazi ndi lalikulu. Malo ngati dambo la Chia, minda ya mpunga ndi ya chinangwa, mizikiti ya mbadwo wa a Jumbe ndi minda ya nzimbe ya ku Dwangwa sangamangidwe mu situdiyo. Masewero akamajambulidwa m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe mokha, msodzi, mayi woyanika usipa ndi mlimi wa mpunga amangokhala oonera nkhani za ena, pomwe nawo ali ndi nkhani zoyenera kuonetsedwa.