Mbiri ya Citofu ca Primus ndi Mafuta a Kacikopa Kace

Akuru a ku Mangochi, ku Malindi ndi ku Makanjira adziwa bwino moto wopopa, ndiwo wa citofu ca Primus ndi wa nyali ya Tilley. Koma ali owerengeka amene adziwa kumene zinthu izi zinacokera, ndi kuti mphamvu yonse ya moto umenewu itsamira pa kacikopa kakang'ono konga cikhadabo ca cala cacikuru. Tsono tiyeni, abale, tilondole mbiri yace.

Makolo athu anaphika pa mafuwa atatu, naunikira ndi miuni ya udzu. Asodzi anadziwa kale kuti usipa utsata kuwala, cifukwa cace anayatsa miuni pa bwato usiku wopanda mwezi. Mafuta odzola anali a nsatsi, amene amai anayenga pokazinga nsatsizo, kuzisinja ndi kuziwiritsa, nasunga mafutawo m'nsupa. Ndipo ndi omwewo anthu anafewetsa zikopa.

M'caka ca 1859 Edwin Drake anaboola citsime ca mafuta a pansi ku Pennsylvania, m'dziko la America, ndipo parafini anayamba kucuruka m'maiko. Kuno kwathu sitima ya Ilala inalowa m'nyanja m'caka ca 1875. Kampani ya Mandala inayamba malonda mu 1878. Ndipo mu 1891 anamanga boma la Fort Johnston, limene lero licedwa Mangochi. Pamenepo panali pakhomo pa nyanja, popita akatundu ocokera kunsi kwa Shire. M'zaka zotsata, masitoro a Mandala ndi a Amwenye anadzala ndi zitini za parafini, nyali, makina osokera ndi zitofu.

Primus anampanga Frans Lindqvist, mmisiri wa ku Stockholm m'dziko la Sweden, m'caka ca 1892. Nzeru yace inali yotere: munthu apopa mpweya m'thanki, mpweyawo ukankha parafini kukwera m'kampope kotentha, parafini asanduka nthunzi, naturuka pa kabowo kakang'ono, nayaka moto wobiriwira wopanda mwaye. Amundsen anatenga Primus pa ulendo wace wa ku South Pole mu 1911. Ndiponso Andrée ndi anzace awiri, amene anatayika m'dziko la cisanu la kumpoto mu 1897, anapezeka mu 1930 pa cisumbu ca Kvitøya; anthuwo anali atafa kale, koma citofu cao cinali cikhalire cabwino. Nzeru yomweyi ya kupopa iri m'nyali za Petromax za ku Germany ndi za Tilley za ku England.

M'kati mwa pampu muli kacikopa koumbika ngati kacikho. Pokankha, milomo yace itambasuka nigwira khoma la pampu, kuti mpweya usabwerere. Pokoka, ipinda nilola mpweya wina kulowa. Kacikopa kakauma kafota, kang'aluka, ndipo munthu angopopa cabe, moto nuzirala. Dzuwa la kunyanja liumitsa cikopa msanga, ndipo parafini akacikhudza atsuka mafuta ace.

Nanga mafuta oyenera ndi ati? Amisiri a zikopa a ku Ulaya anakonda mafuta owiritsa ku mapazi ndi misongolo ya ng'ombe, ochedwa neatsfoot, pakuti alowa m'cikopa ndipo saundana msanga pa cisanu. Kuno sanapezeka kawirikawiri. Amene anali pafupi ndiwo mafuta a makina osokera, opezeka kwa telala ali yense pa khonde la sitoro. Ali opepuka, sabvunda, ndipo agwira nchito bwino. Mafuta a nsatsi osefa bwino ali abwinonso, cifukwa sauma pa mpweya, ngakhale ali olemera pang'ono. Motero nzeru ya agogo inakomana ndi nzeru ya ku Sweden.

Koma alipo mafuta onyenga. A ntedza ndi ena ophikira afewetsa lero, koma pakapita miyezi asasa, nacita ulimbo womata pampu. Mafuta a nyama ndi a nsomba anunkha, naitana nyerere ndi makoswe. Oilo wakuda wokhetsa m'galimoto ali ndi zinyalala zimene zikanda khoma la pampu. Girisi wocuruka atseka kacitseko ka pansi pa pampu, kamene kaletsa parafini kubwerera. Njira yabwino ndi iyi: solola mtengo wa pampu, bviika kacikopa m'mafuta oyenera usiku umodzi, tambasula milomo yace ndi cala, nubwezere mosamala kuti isapindike, pambuyo pace madontho awiri kapena atatu pa nthawi ndi nthawi akwanira.

Wina angati, nkhani yocepa yotere ilembedweranji? Afunse asodzi a kauni, amene anasiya miuni natenga nyali za Tilley. Siginala akhala m'bwato ndi nyali zace, usipa usonkhana, anzace adikira ndi khoka la cilimira. Nyali ikafooka pa nthawi imeneyo nsomba zibalalika, parafini wapita pacabe, ndipo mabanja ambiri agona ndi cakudya copanda ndiwo. Walira mvula walira matope: wofuna moto wopopa abvomerenso kuusamala.

Masiku ano asodzi ambiri atenga nyali za mabatire, ndipo Primus acepa m'makhicini. Koma amene ali naco citofu kapena nyali ya atate ace asafulumire kuitaya ponena kuti yafa. Ayambe wayang'ana kacikopa. Kawirikawiri kangomva ludzu.