Msonkho: si zonse zodulidwa pamalipiro

Mwezi ukatha ku Makanjira, mphunzitsi amayang'ana pepala la malipiro n'kupukusa mutu: "Msonkho wandimaliza!" Komatu si ndalama zonse zodulidwazo zimene zili msonkho.

Mawuwa amachokera ku "kusonkha", kuika pamodzi pang'onopang'ono monga anthu amasonkhera ufa ndi nkhuni pamaliro. Kusiyana kwake n'kwakuti msonkho ndi wa boma, ndipo lamulo limakakamiza. Atsamunda anayambitsa msonkho wa nyumba m'zaka za m'ma 1890, nthawi ya Harry Johnston, yemwe asilikali ake anamenyana ndi mfumu Makanjira.

Pamalipiro, msonkho weniweni ndi PAYE, umene olemba ntchito amadula n'kutumiza ku bungwe lotolera misonkho la MRA ndalama isanafike m'manja. Malipiro akamakwera, nawonso umakwera. Olandira zochepa kwambiri sadulidwa. Ndalama yodulidwa ya ngongole, ya bungwe la aphunzitsi kapena ya penshoni si msonkho ayi. Ya penshoniyo ndi yakebe mwiniwake, adzaidya akadzapuma.

Mayi wogulitsa usipa pamsika alibe pepala la malipiro, koma tikiti ya khonsolo ya Mangochi amaidula, ndipo akagula zovala m'sitolo msonkho wa VAT umamupezanso. Wapantchito aziwerenga pepala lake mzere ndi mzere.